Lenia Sanapite ku Maliro a Gideoni

Lenia Alufeyo wa ku Nachisaka anamva za imfa ya a Gideoni pa wailesi, ali m'chigafa kusoka fodya. Woulutsa mawu anangoti katswiri woliza lipenga m'magulu a jazi watisiya, maliro ndi mawa kwawo ku Ntchisi, kenaka anapitiriza ndi za mpira.

A Gideoniwo anawadziwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Tsiku lina mayi ake anamutuma kukagulitsa nyemba ku Mponela, koma iye anakaima pakhonde la sitolo ina pomwe bambo wamtali wa jekete lotuwa ankaliza lipenga atatsinzina. Nyimbo yake sinali ya kutchalitchi, sinalinso ya paukwati. Inkakwera, n'kutsika, n'kukhotera komwe munthu sumayembekezera. Nyemba zija anabwerera nazo kumudzi.

Kwa zaka ziwiri, Loweruka lililonse, a Gideoni ankamubwereka lipengalo kuseri kwa sitolo.

"Usatupitse masaya, mwanawe," ankatero. "Mpweya uzichokera m'mimba."

Ataona kuti wadziwa, anamuuza kuti gulu lawo ku Lilongwe likusowa wa lipenga wachiwiri. Lenia anali atalongedza kale chikwama pamene bambo ake anagwa m'munda n'kufa ziwalo mbali imodzi. Chaka chotsatira mayi anamwalira. Mchimwene wake Rodrick anapita chikamwini ku Dzoole. Kuchokera pamenepo, zaka khumi ndi zinayi, wowasambitsa bambowo, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pamphasa anali Lenia yekha. A Gideoni anatumizapo uthenga kawiri, kenaka anasiya. Lenia lipenga sanaligwirenso, komabe akamapalira ankapezeka akung'ung'udza nyimbo zija, zala zikusewera pampini wa khasu.

Wailesi itangotha kulengeza, Lenia anamuimbira foni Rodrick.

"Achimwene, bwerani mudzakhale ndi bambo tsiku limodzi lokha. Ndikufuna ndikaike nawo maliro."

"A ndani?"

"A Gideoni."

"A lipenga aja? Ndi abale athu amenewo? Ine kuno fodya akundionongekera m'munda, mlongo."

Anakapempha a Dorothy, oyandikana nawo nyumba. Iwo anapepesa, nati bambowo salola kugwiridwa ndi munthu wina. Zinali zoona, ndipo Lenia sanalimbikire.

M'mawa mwake anawatulutsa bambo ake kuti aothere dzuwa. Mapiri a Ntchisi ankaoneka bwinobwino tsikulo, ulendo woti pa njinga yamoto munthu amafika dzuwa lisanakwere. Lenia anakhala pakhonde kuyang'ana komweko, misozi ikutsika. Bambowo anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali, pakamwa pawo pokhota paja pakunjenjemera.

"Pita," anatero movutikira.

"Ndikusiyani ndi yani, bambo?"

Iwo anayang'ana pansi, dzanja lawo lamoyo likukanda mphasa. Lenia anapukuta nkhope ndi chitenje, anawakonzera pilo kumsana, n'kunyamula ndowa kupita kumjigo.