Akuti Analiza Hutala

Ndinaganiza zochoka ku Manyamula chaka chimene bambo a Lusungu anamwalira. Ankacheka matabwa ku Chikangawa, ndipo chifuwa chimene anabwera nacho kumeneko ndicho chinawatenga. Anandisiyira munda wotopa ndi mwana mmodzi wamkazi, Lusungu, amene makutu ake anatsekeka ali wamng'ono atadwala malungo aakulu. Mwanayo anali atapeza malo kusukulu ya ana osamva cha ku Embangweni, yogonera komweko. Koma sukulu imafuna sopo, bulangeti, nsapato ndi ndalama yoyendera, ndipo mundawo sukanatha kupereka zimenezo. Ndinagwada, ndinapemphera, mbwenu ndinapita kwa alamu anga a Shaba, akulu awo a malemu, kukapempha njira.

"Pitani, NyaTembo," anatero. "Mwanayu ndi magazi athu. Pa holide azikhala pano ndi mayi ake aakulu NyaZimba. Palibe chimene chidzamukhudze."

Ndinati yewo chomene, misozi ili m'maso. Mawu amenewo ndinapita nawo ku Lilongwe ngati kamba wapaulendo, ndipo ndinkawakumbukira tsiku lililonse limene mtima unkafuna kubwerera.

Ndinafikira ku Chinsapo kwa mayi wina wa mpingo wathu, Mulungu amudalitse kumene ali. Ntchito imene ndinapeza inali yopikula mbatatesi kumsika m'mamawa n'kukaperekera anyamata okazinga tchipisi m'tauni. Poyamba ndinkalipira akabaza, koma phindu lonse linkathera kwa iwo. Patapita zaka ndinagula njinga yamoto yakale kwa munthu wina amene ankasamuka. Ndinaphunzira kuiyendetsa pabwalo la mpira Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, nditavala thalauza mkati mwa chitenje, ana akundithamangira pambuyo n'kumaseka. Sindinawalabadire. Amene wasiya mwana kumudzi alibe nthawi ya manyazi.

Vuto la njingayo linali hutala. Inkalira ngati mwanapiye wonyowa ndi mvula. Aliyense amene anawolokapo mlatho wa mtsinje wa Lilongwe m'mawa akudziwa mmene magalimoto amapanikizanirana, maminibasi kulowerera paliponse pamene paoneka mpata, ngati kuti enafe ndife mphepo. Tsiku lina minibasi inandifinyira m'mbali. Ndinadina hutala mpaka chala kuwawa, dalaivala osatembenuka n'komwe. Ndinagwera mu ngalande, thumba linaphulika, mbatatesi zanga zinamwazika pamsewu matayala n'kumazinyenya ine ndikuona.

Kondakitala anatulutsa mutu pawindo. "Mayi, mukanaliza hutala."

"Ndinaliza, mwana wopanda mwambo iwe."

"Imene ija ndi hutala? Ine ndimayesa foni ya munthu."

Anthu a m'minibasimo anaseka. Ndinatolera zimene zinatsala, bondo likuchucha magazi, ndipo ndinalumbira kuti palibenso munthu mumzinda umenewu adzanene kuti sanandimve.

Masana omwewo ndinakankhira njinga kwa a Bonifasi, makaniki wachikulire amene ankakonza njinga zamoto pansi pa mtengo wa mango. Anandionetsa mahutala angapo, koma maso anga anagwera pa awiri akuda, opindika ngati nkhono, amene anawachotsa pa lole yochita ngozi.

"Amenewa ndi olemera kwa njinga yanu," anatero. "Mawaya anuwa ndi oonda, angapse. Pakufunika kabokosi aka, rilei, kuti moto uzichoka ku batire mwachindunji. Tiikenso fyuzi, kuti zikavuta ipse ndi iyo, osati njinga."

"Ikani zonse, bambo. Ndikufuna akamva aziganiza kuti kukubwera lole ya matabwa."

Anagwira ntchitoyo modekha, akukulunga waya aliyense ndi tepi. Atamaliza anandiuza kuti ndidine. Galu amene anagona pansi pa benchi anadzambatuka n'kuthawa osayang'ana m'mbuyo, ndipo mayi wogulitsa nthochi pafupi anandifunsa ngati ndili ndi nzeru. Ine ndinaseka koyamba sabata imeneyo. A Bonifasi sanaseke. Anapukuta manja n'kunena kuti, "Mayi, hutala si mabuleki. Imathandiza munthu amene wamva. Amene sanamve, amupulumutse ndi phazi lanu."

Kuyambira tsiku limenelo msewu unasintha. Madalaivala ankayang'ana pagalasi kufunafuna lole, n'kupeza mayi wa mbatatesi. Ndinkafika kwa anyamata a chiwaya mafuta asanatenthe, makasitomala anachuluka, ndipo mwezi uliwonse ndinkatumiza ndalama pafoni ya NyaZimba. Koma musaganize kuti ndinkasangalala. Ndinkadya ndekha, kudwala ndekha, ndipo panali masiku amene ndinkalakalaka munthu wongondipatsa moni m'Chitumbuka. Mayi wina wosiya mwana kumudzi amatha kumuimbira n'kumva mawu ake. Ine ndinalibe mwayi umenewo. Ndinkadikira holide, kuti NyaZimba aimbe pa vidiyo, ine ndi Lusungu tilankhulane ndi manja monga tinazolowera.

Holide ina zinthu zinasintha, koma ndinalibe maso oonera. Nthawi zonse mwanayo ankakhala pamkeka, foni ikumuonetsa kuyambira pachifuwa kupita kumwamba, NyaZimba ali pambali pake. Tsiku lina Lusungu anayamba kuloza pansi, kumwendo, nkhope itakwinyika. Foni inatembenuka n'kuyang'ana denga.

"Netiweki, amama," anatero NyaZimba. "Kuno netiweki ikuvuta chomene. Mwana ali bwino, akudya."

Miyezi yomweyo a Shaba anayamba kutumiza mauthenga okhudza njinga. Akuti mwana wawo Khumbo ankayendetsa kabaza ya munthu wina pakati pa Manyamula ndi Mzimba boma, koma mwini wake anailanda popanda chifukwa. Akuti ndakhalitsa kutauni, ndibwerere ndidzapume, njinga ndimupatse Khumbo, phindu tizigawana. Ndinavomera ndi mtima wonse. Anthu amene akusungira mwana ungawamane chiyani? Ndinapita nayo njinga kwa a Bonifasi kuti asinthe oyilo ndi tcheni, ndipo hutala ija ndinati ikhale pomwepo, imuthandize mnyamatayo pamsewu wa malole.

Sukulu zitatsekera ndinakweza njinga pa lole mpaka pa Jenda, kenako ndinayendetsa ndekha msewu wafumbi wodzera ku Embangweni. Ndinkaimba nyimbo za kwaya njira yonse. Nditalowa pakhomo NyaZimba analulutira, ana a moyandikana anazungulira njinga, a Shaba anatuluka atatambasula manja. Ine maso anga ankafuna munthu mmodzi yekha.

Anatulukira kuseri kwa nkhokwe. Anali atatalika, nkhope ya bambo ake yeniyeni. Koma mwana wanga, amene kale ankathamanga mpaka kundigwetsa pondikumbatira, ankabwera akukoka mwendo wakumanzere, phazi litayang'ana kunja, thupi likupendama sitepe iliyonse.

"Anagwa mumtengo wa mango," anafulumira kunena NyaZimba. "Sitinafune kukudetsani nkhawa muli kutali."

Ndinamugwira mwanayo dzanja, tinalowa m'nyumba yanga yakale, ndinatseka chitseko. Ndinamufunsa ndi manja. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuyesa ngati nanenso nditembenuza foni. Kenako anaika manja pamutu kusonyeza thumba la ufa. Anasonyeza njira yopapatiza yochokera kuchigayo. Anagwira zogwirira za njinga yamoto m'malere. Ndiye anakoka chala pachipumi ngati munthu wokonza kapusi, dzina limene iye anamupatsa Khumbo kuyambira ali ana. Anamenyetsa chibakera pantchafu yake.

Zotsala ndinazimva kwa mayi wogulitsa tomato pafupi ndi chigayo. Khumbo analibe laisensi, ndiye anaopa kuti akapita naye kuchipatala tsiku lomwelo nkhani ifika kupolisi. Iye ndi makolo ake anamugoneka mwana wanga m'nyumba masiku ambiri, atamumanga timitengo ndi nsanza, mpaka mwendo utatupa. Pomwe ankapita naye n'kukanama za mtengo wa mango, fupa linali litayamba kale kugwirana mokhota. Mwini njinga sanailande popanda chifukwa.

Ndine munthu wopemphera, koma tsiku limenelo pemphero linakana kutuluka. Ndinangoti, Ambuye, gwirani lilime langa, koma musalimange.

M'mawa mwake a Shaba anakhala pampando pakhonde akumwa tiyi, Khumbo ataima pafupi ndi njinga akusisita thanki ngati mkwati. Lusungu anali chapatali pang'ono, atatifulatira, akusenda mtedza m'lichero.

"Alamu," ndinatero nditakhala pansi monga mwa ulemu, "mtengo wa mango uja uli ndi matayala angati?"

Anaika kapu pansi. "NyaTembo, nkhani imeneyo tinaikamba kale monga banja. Inatha."

"Munaikamba ndi ndani? Mayi wake ndine."

"Mverani. Mnyamata analiza hutala. Anthu a pachigayo anamva, akhoza kuchitira umboni. Analiza kangapo konse, mwana sanapatuke. Ndiye mlandu uli pati? Komabe tinamuuza Khumbo apereke nkhuku, ndipo anapereka."

"Nadi, amama aang'ono," anatero Khumbo, maso ali pansi. "Ndinaliza."

Ndinamuyang'ana mnyamata ameneyu. Anakulira pabwalo limodzi ndi Lusungu. Ali ana, akafuna kumuitana ankaponya kamwala pafupi ndi mapazi ake, kapena kumuthamangira kutsogolo kuti amuone. Ufa umene mwana wanga anasenza tsiku limenelo unali wa nsima ya Khumbo yemweyo. Chitenje chimene mwanayo anavala Khumbo anachidziwa, msana anaudziwa. Anangochita ulesi kuponda buleki, chifukwa anali ndi pasenja wofulumira.

Ndinaimirira, ndinapita pa njinga, ndinatembenuza kiyi. Ndinadina hutala ya a Bonifasi, ndipo sindinachotse chala.

Tiyi anatayikira pathalauza la a Shaba. Nkhuku zinauluka mpaka padenga la khola, mbuzi inadula chingwe, NyaZimba anatuluka m'khitchini atagwira makutu, khanda la moyandikana linayamba kulira. Khumbo anadumpha cham'mbuyo n'kugunda mtondo. Anthu anatuluka m'nyumba zawo kuyang'ana lole imene yalowa m'mudzi.

Lusungu anapitiriza kusenda mtedza. Anatola wina, anauswa, anaponya makoko pambali.

Nditachotsa chala, pabwalo panali zii. Aliyense ankayang'ana msana wa mwanayo.

"Iyi ndi hutala ya lole," ndinatero. "Ya Khumbo inali yotani?"

A Shaba anayamba kupukuta tiyi pathalauza. Ine ndinapitiriza.

"Mudzi wonse uno ukudziwa kuti mwanayu samva. Munalipo pamene ankadwala, munalipo pamene tinkamuitana osatembenuka. Ndiye munakhala pansi akuluakulu, ndi imvi zanu, n'kugamula kuti wolakwa ndi iye chifukwa sanamve. Mwendo wa mwana wa m'bale wanu munaugula ndi nkhuku."

"Samalani pakamwa, mulamu," anatero a Shaba. "Muli pakhomo pa eni. Ng'ombe zathu zinapita kwanu. Chimene mwapeza muli m'banja lino ndi cha banja lino, ndipo njingayo munalonjeza."

"Inunso munalonjeza. Munati palibe chidzamukhudze."

Ndinazula kiyi n'kumumanga pansonga ya chitenje. Khumbo anatambasula dzanja pang'ono, kenako analibweza m'thumba. Tsiku lomwelo ndinamanga katundu wathu pambuyo pa njinga, ndinamukweza Lusungu, tinanyamuka. NyaZimba anatitsatira mpaka pamsewu akulira, akuti iye ankafuna kundiuza koma analetsedwa. Mwina n'zoona. Ndikupempherabe kuti ndimukhululukire, ndipo sindinama, sindinafikebe.

Panopa tikuchita lendi kachipinda ku Mzimba boma. Ndikupikula mbatatesi ku Jenda, ndipo anyamata a chiwaya a kuno andizolowera. Adokotala anauona mwendo uja, akuti pali chimene angayese, ngakhale sudzabwerera mwakale. Ndikuthokoza Mulungu kuti njinga ija sinamugunde mutu. Ndikuthokozanso chifukwa cha a Bonifasi, munthu wachilendo amene sanamuonepo mwana wanga, koma anamuganizira kuposa a magazi ake.

Ku Lilongwe anandigwetsera mu ngalande anthu osandidziwa, ndipo ndinkati mzinda ndi woipa, kwathu n'kwabwino chifukwa aliyense amadziwa mnzake. Ndinabwerera n'kupeza kuti kudziwana kumeneko n'kumene anabisira mwendo wa mwana wanga. Aliyense ankadziwa, ndipo aliyense anakhala chete kuti mnyamata asamangidwe.

Sukulu zikatsegulira ndimamuperekeza ndekha. Tisananyamuke amakonda kugwada kutsogolo kwa njinga, kuika chikhatho pa hutala, n'kundikodola kuti ndidine. Ikanjenjemera m'dzanja lake amaseka mpaka kugwira pamimba, eni nyumba akudandaula pawindo. Kupatula m'misewu ya m'tauni, ndi nthawi yokhayo imene ndimailiza masiku ano. Pamsewu wafumbi, ndikaona munthu kutsogolo atasenza katundu, atandifulatira, ndimaponda buleki, ndimayenda pambuyo pake pang'onopang'ono mpaka atatembenuka yekha n'kundiona. Lusungu amandigwira m'chiuno mwamphamvu, ndipo timadutsa.