Ndinatsuka umboni wa imfa ya mng'ono wanga

Inu owerenga, manja angawa asambitsa maliro ambiri kwathu ku Lungwena, ndipo anthu amandilemekeza nayo ntchitoyi. Koma pali maliro amodzi omwe ndikawakumbukira ndimasowa poyang'ana ndi manyazi. Anali a mng'ono wanga weniweni, wobadwa naye bere limodzi.

Anamupeza m'mawa atafa m'bango, m'mphepete mwa nyanja. Mwamuna wake, alamu angawo, anati anaterereka pochapa. Ine pomuvula ndinaona bulauzi yong'ambika paphewa, mikwingwirima pakhosi, ndi timagazi touma m'zikhadabo. Koma ife Asilamu maliro sitigoneka, ndipo amuna anali atayamba kale kukumba manda.

Mwana wa achimwene, yemwe ndi namwino ku Mangochi, anandiimbira foni, ndipo ndinamuuza zomwe ndinaonazo. "Azakhali, chonde musamukhudze. Dikirani apolisi, adokotala amupime kaye."

Ine pakamwa panga mpotentha. Ndinamukalipira kuti iwe mwana wadzulodzuloli, ukufuna m'bale wanga akamutumbule ngati chambo? Ndinadula foni. Kenako ndinamusambitsa ndi sopo bwinobwino, m'zikhadabo monse ndinatokosa ndi kamtengo kuti apite ali woyera. Zovala zong'ambikazo ndinatentha kuseri kwa bafa. Tinamukulunga m'sanda n'kuika tsiku lomwelo.

Patapita masabata, mayi wina woyandikana nawo nyumba anakaulula kupolisi kuti anamva mng'ono wangayo akukuwa asanapezeke atafa. Apolisi anabwera ndi dokotala, nafukula manda. Abale inu, tsiku limenelo lisadzabwerenso! Dokotalayo anatifotokozera mofatsa kuti munthu akafa mokayikitsa, thupi silisambitsidwa. Amayamba alijambula mmene lapezekera, zovala amasunga, manja amakulunga, chifukwa wokanyangidwa pakhosi amakanda womugwirayo ndipo khungu lake limatsalira m'zikhadabo. Koma apa thupi linali litawonongeka, zikhadabo zili mbee. Anati sangathe kunena chomwe chinamupha.

Atafunsa kuti anasambitsa ndani, ndinakweza dzanja pamaso pa mudzi wonse, nkhope ili pansi.

Alamu anawatsekera pang'ono, n'kuwatulutsa poti umboni panalibe. Kaya anapha kaya sanaphe, ndinatseka ndine njira yodziwira. Mayi athu okalamba amandifunsabe chomwe chinadya mwana wawo.

Ndikupempheni, anzanga osambitsa maliro: mukaona chachilendo pathupi, bwezani manja. Itanani apolisi ngakhale achibale akutukwaneni. Kuchedwa kuika kumapweteka, inde, koma kumatha. Changachi sichikutha. Alamu aja anakwatiranso, ndipo mwezi wathawu tinakumana pamsika wa usipa. Anandigwira chanza ndi manja awiri, akumwetulira.

"Alamu, sindidzaiwala. Munandithandiza kwambiri pamaliro paja."