Asiyatu Awiri

Malume anga a ku Ntaja atandipempha kuti ndilembe mbumba yathu yonse pa kompyuta, ndidapanga tebulo limodzi. Munthu aliyense adali ndi mzere wake, ndipo mzerewo umaloza mzere wa mayi ake m'tebulo lomwelo. Kusukulu adatiphunzitsa kulozera ndi nambala, koma ine ndi ulesi wanga ndidalozera ndi dzina.

Ndidaiwala kuti mchemwali wanga Mariamu adapatsa khanda lake dzina la mayi athu, Asiyatu. Kompyuta ikafufuza mayi a Mariamu, imapeza Asiyatu. Ikafufuza mayi a Asiyatu, imapeza Mariamu. Idangozungulira pomwepo mpaka kuuma, malume ali chilili kumbuyo kwanga.

"Yatani?" adafunsa.

"Ndi vairasi, malume."

Atapita kukaswali kumzikiti, ndidafufuta mzere wa khandalo, zonse n'kuyenda bwinobwino. Pepala lomwe ndidasindikiza adalipachika pabalaza, alendo n'kumanditama.

Khanda lija tsopano limatha kuwerenga. Pa Idi yapitayi Asiyatu wamng'onoyo adandikoka dzanja mpaka pakhoma paja, n'kuyendetsa chala dzina ndi dzina.

"Ankolo, ine ndili pati?"

Ndidamulozera dzina la agogo ake.