Tinagumula Khomo kuti Bambo Atuluke

Ndinadzuka kusanache, tambala woyamba atangolira. Kunena zoona sikunali kugona kwenikweni. Ndinangotsamira khoma pafupi ndi bokosi la bambo mpaka khosi linauma. Amayi a kumpingo anali ataimba usiku wonse ndipo mawu anali atawathera. Ena anali atagona chokhala, zitenje kumutu. Amayi anga okha ndi amene anali maso, dzanja lawo lili pamwamba pa bokosi.

Ndinatuluka kukasamba kumaso. Kwathu ku Biriwiri mwezi wa Juni si wocheza nawo. Nkhungu inali itaphimba mapiri onse ndipo madzi a m'ndowa ankaluma zala. Azibambo anali atazungulira moto pabwalo, atadzikulunga m'mabulangete, ena akuwodzera. Adzukulu anali atanyamuka kale ndi makasu kupita kumanda. Kuseri kwa nyumba amayi ophika ankalimbana ndi nkhuni zonyowa zomwe zinkangofuka utsi. Wina ankadula kabichi m'beseni lalikulu, wina ankasenda mbatatesi zimene bambo anadzala okha asanayambe kudwala.

Bokosilo linabwera dzulo lake madzulo kuchokera ku Manjawira, kumene achimwene anga aakulu amakhala. Achimwene ndi munthu wosafuna kuchepa pamaso pa anthu. Anasankha bokosi lalikulu, la zogwirira zonyezimira m'mbali, chonsecho bambo anali kamunthu kochepa thupi koti jekete la kutchalitchi linkangowalendewera. Polowetsa m'nyumba, amuna analipendeketsa cham'mbali popeza munalibe kanthu, ndipo linalowa bwinobwino. Ndinaona ndi maso angawa, koma sindinaganizepo chilichonse.

Kutayera, anthu anaika masamba pamsewu wa tala, kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba yathu. Malole ankachepetsa liwiro, apanjinga ankatsika n'kumakankha. Tsidya la msewu umenewu ndi ku Mozambiki, ndipo anzathu a kumeneko anawoloka monga amachitira masiku onse, atanyamula nkhuni ndi ufa. Abale a amayi a ku Kasinje anafika ndi thumba la mpunga, akunjenjemera m'zovala zawo zopyapyala za kuchigwa, moti tinachita kuwabwereka majuzi. Azimayi obwera kumaliro ankayenda akucheza motsitsa mawu, koma akangofika pa mtengo wa mapichesi wa pabwalo pathu ankayamba kulira. Ndinamva nkhalamba ina ikuuza mnzake kuti a Hebroni atisiya. Ndinamwetulira ngakhale misozi inali m'maso, chifukwa dzina limeneli ndi limene bambo ankadziwika nalo zaka zawo zomaliza.

Bambo anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo atapuma ntchito anakhala mkulu wa mpingo. Chaka china anapita ndi gulu la akhristu kukaona malo otchulidwa m'Baibulo. Atabwerako anthu anadzaza pakhonde kufuna kumva za mtsinje wa Yorodano ndi za Betelehemu. Iwo ankayankha mwachidule, kenako n'kukhotera ku nkhani imodzi yomweyo.

Ankati mumzinda wa Hebroni, kumene kuli manda a Abrahamu, anawaperekeza bambo wina wa Chipalestina, waimvi ngati iwo. Anafika pa msewu wina pakati pa mzinda pomwe panali asilikali a Israeli ndi chotchinga chachitsulo. Woperekezayo anaima. Anawauza kuti alendo apitirire okha, iye azungulira njira ina ndipo akakumana kumapeto, chifukwa Mpalestina saloledwa kuyenda mumsewu umenewo. Asanasiyane anawapempha chinthu chimodzi: akamadutsa akayang'ane chitseko chobiriwira cha kudzanja lamanja, aone ngati chikadalipo. Inali nyumba imene iye anabadwiramo.

Bambo anaonetsa pasipoti yawo ya Malawi, msilikali anagwedeza mutu, iwo n'kudutsa. Msewu unali zii. Masitolo anali otseka mbali zonse, zitseko zake zitawotchereredwa kunja. Chobiriwiracho anachipeza, nachonso chowotcherera, ndipo anachigwira ndi dzanja. Atakumana kumapeto, munthuyo anawafotokozera kuti anthu akukhalabe m'nyumba zimenezo, koma amalowera kuseri, pamakwerero ndi pamadenga a anzawo. Mayi ake anamwalira mmenemo msewu utatsekedwa kale. Manda ali tsidya la msewu, amaonekera pawindo, koma mtembo anachita kuutulutsira padenga, kuutsitsira kuseri, n'kuzungulira nawo mtunda wautali. Anati mayi ake analowa pakhomo limenelo ali mkwatibwi, koma anatuluka ngati katundu wakuba.

Bambo sankadziwa ndale za kumeneko ndipo sankanamizira kuti akuzidziwa. Chimene chinawapweteka ndi chakuti iwo, mlendo wa ku Biriwiri, anayenda mumsewumo mwini wake ataima kunja. Nkhaniyi anaikamba kutchalitchi, pamsika, ngakhale pa maukwati a eni ake, mpaka amayi akangomva poyambira ankanyamuka kupita kukhitchini.

Kutatsala masabata atatu kuti amwalire, ndinkawameta ndevu pakhonde. Tinali awiriwiri. Anandigwira mkono n'kunena kuti, "Iwe, ine ndikafa mudzanditulutsire khomo la kumaso. Musadzandizembetse kuseri."

Ndinaseka. Ndinawafunsa ngati ankaganiza kuti tidzawatulutsira pawindo. Iwo sanaseke, ndipo mkono wanga sanausiye mpaka nditanena kuti ndamva. Sindinauze munthu aliyense. Ndinkaona ngati ndi zinthu zosafunika kunena, popeza maliro onse amatulukira kumaso.

Cha m'ma leveni kunayamba mvula yowaza, ya kamphepo kolowa m'mafupa. Anthu anali atadzaza bwalo lonse mpaka m'munda wa kabichi. Tinaona nkhope komaliza. Bambo anali mu jekete lawo lija, tayi itamangidwa mokhota monga ankamangira okha. Abusa anapemphera, bokosi linatsekedwa, ndipo amuna asanu ndi mmodzi analinyamula kulunjika khomo la kumaso.

Linakana. Zogwirira zinagunda felemu mbali zonse ziwiri. Anabwerera pang'ono n'kuyesanso, koma linakanabe. Wina anati achotse zogwirirazo, koma zinali zomangira mkati. Wina anayeza ndi chingwe n'kupeza kuti khomo laperewera ndi zala zitatu. Wina anati alipendeketse monga dzulo, koma abambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo amene ankayendetsa mwambo wonse, anakana. Anati bokosi muli munthu silipendeketsedwa.

"Khomo la kuseri ndi lalikulu," anatero abambo aang'ono. "Tembenukani."

Sankalakwa. Khomo la kuseri ndi lotakasuka chifukwa ndi kumene timalowetsera wilibala ya mbatatesi. Anthu ankanyowa panja ndipo adzukulu anali atatumiza kale uthenga kuti kumanda zatheka. Amuna aja anayamba kutembenuka. Kuseriko akanadutsa pa phulusa la ophika, pambali pa khola la nkhumba ndi padzala, kenako n'kutulukira kumbali kwa nyumba.

Ine pamsika amandidziwa kuti ndine wapakamwa, woti ogula kabichi a m'malole amaganiza kawiri asananene mtengo wawo. Koma pamaliro mwana wamkazi saimitsa amuna onyamula bokosi. Ndinachita mantha, ndinachitanso manyazi. Bokosi litayang'ana kuseri ndinangozindikira kuti ndagwada kutsogolo kwake, panjira yopita kukhomo lakuseri.

"Abambo, pepani," ndinatero. "Bambo anandiuza kuti tisadzawatulutsire kuseri. Ndinawalonjeza."

Achimwene anandiyang'ana ndi maso ofiira. "Iwe, ino si nthawi yake. Anthu akunyowa panja. Ngati anakuuza, bwanji sunanene dzulo bokosi likulowa?"

Ankanena zoona. Ndinangoti sindinaganize.

Abambo aang'ono anauza amuna aja kuti atsitse bokosi pa mipando. Anandilankhula mofatsa. "Mwana wanga, ndamva. Achimwene anga ndimawadziwa, zimenezo ndi zonena iwo ndithu. Koma tichite bwanji? Pokhapokha titazula felemu n'kugumula njerwa. Nanga alamu agona bwanji m'nyumba yopanda chitseko mwezi uno?"

Onse anatembenukira kwa amayi. Chimwalirire bambo, amayi anali asanalankhule mawu opitirira awiri. Anali atakhala pamphasa, miyendo atatambasula, azakhali atawagwirira kumsana. Anayang'ana khomo nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Ine sanandiuze," anatero. "Koma nkhani ya mayi wa padenga uja ndaimva mpaka makutu kuwawa. Gumulani."

Pakati pa anthu ochokera tsidya la msewu panali mmisiri womanga nyumba. Anavula jekete, n'kutumiza kuti abwere ndi hamala ndi tchizulo. Chitseko anachizula n'kuchitsamiritsa kukhoma la panja. Kenako anayamba kugogoda m'mbali mwa felemu, pang'onopang'ono, kuti khoma lisang'ambike. Fumbi linadzaza m'nyumba ndipo azakhali anaphimba bokosi ndi chitenje chawo.

Panja anthu anadabwa kumva hamala pamaliro. Ndinaona pawindo mitu ikuweramirana, nkhani ikuyenda kuchokera pakhonde mpaka kumunda wa kabichi. Palibe amene ananyamuka, ngakhale mvula inali itawonjezera. Amayi a kumpingo, ndi mawu awo osasawo, anayambitsa nyimbo kuti phokoso lisamveke lokha. Felemu itazuka, mmisiri anachotsa mzere umodzi wa njerwa kuchokera pamwamba mpaka pansi. Amene ankalandira njerwazo n'kumakazisanja pakhonde anali achimwene, suti yawo yakuda itayera ndi fumbi. Sanandiyang'ane, koma podutsa anandigwira paphewa.

Amuna aja ananyamulanso. Bokosi linadutsa osakhudza paliponse, n'kutsika masitepe awiri a pakhonde pamene bambo ankakhala madzulo aliwonse. Anthu onse anaimirira. Pamenepo ndi pamene ndinalira kwenikweni, kulira kotulutsa mawu, ndipo sindinasamale kuti andimva ndani.

Titatha mapemphero a pabwalo tinalowa mumsewu wa tala. Kutsogolo kunali amayi ovala zoyera atanyamula nkhata za maluwa, kenako bokosi, amuna akulandizana paphewa popanda kuima. Malole awiri anaima kuseri kwa masamba, ndipo dalaivala wina anatsika n'kuvula chipewa. Ogulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu anaimirira, manja kumbuyo. Tinayenda pakati penipeni pa msewu mpaka pa njira yokhotera kumanda.

Kumanda sitinakhalitse. Dothi linali lonyowa ndipo linkamatirira ku makasu. Abusa anafupikitsa mawu awo. Abambo aang'ono pothokoza anthu anapepesa chifukwa cha kuchedwa, ndipo anangoti malemuwa anali ndi pempho lawo, talikwaniritsa. Tinaika nkhata, amayi poyamba, kenako ife ana. Pobwerera mvula inali itakata ndipo dzuwa linaonekera pang'ono kumadzulo, lopanda mphamvu.

Anthu anadya n'kuyamba kubalalika. A tsidya anawoloka msewu, a ku Kasinje anathamangira minibasi yomaliza atavalabe majuzi athu. Masamba a pamsewu anachotsedwa ndipo malole anayambanso kuthamanga. Moto wa kuseri unazima wokha. Pofika madzulo tinatsala ochepa: amayi, azakhali amene anali atagona kale chifukwa cha kutopa, achimwene ndi ine.

Nyumba inali chete. Pamene panali bokosi panatsala mipando iwiri yoyang'anizana. Mphepo inkalowa pakhomo logumulalo mosapempha, ndipo njerwa za m'mbali zinali zosongoka ngati mano. Achimwene anapachikapo bulangete ndi misomali iwiri, n'kutchinga kumunsi ndi chitseko chija. Anauza amayi kuti mmisiri walonjeza kubwera m'mawa kudzabwezeretsa zonse monga zinalili.

Amayi anali ndi kapu ya tiyi m'manja, osamwa. Anapukusa mutu.

"Mukamuuze asabwezere mwakale. Apange felemu ina, yaikulu." Anayang'ana bulangete la pakhomo lija. "Chilowere m'nyumba muno ndakhala ndikuwapempha bambo anu kuti akulitse khomo limeneli. Kabati yanga ya ukwati inagona panja masiku atatu, khomo la kuseri lisanakhaleko, mpaka tinachita kuiphwasula. Iwo ankangoti mawa, mawa. Taonani lero alikulitsa, koma podutsa iwo."

Anaseka pang'ono, kaphwete kochepa, ndipo ife tinaseka nawo. Kenako kuseka kwawo kunasanduka kulira, kapu ikadali m'manja mwawo. Ndinailandira n'kuiika pansi. Achimwene anavula jekete lawo la fumbi lija n'kuwafunditsa, ndipo tinakhala nawo pamphasa, wina uku wina uku, mpaka kunja kunada.