Mfuti yolira yokha sindiibwezera pa tebulo

Mfuti imene ndinagula ku chionetsero cha mfuti kuno ku Perth inalira yokha. Chala changa sichinali pa chowombera. Chipolopolo chinalowa m'dothi, mpata wa chikhatho chimodzi kuchokera pa nsapato ya alamu anga. Amene anandigulitsa akuti ndibweze, aigulitse kwa munthu wina. Ndakana. Ndikulemba kuti mudziwe.

Ndine makanika wa makina a ku mgodi. Milungu iwiri ndimakhala ku mgodiko ku Pilbara, umodzi kunyumba ku Armadale. Mnzanga wa pa shifiti ali ndi famu kuseri kwa mapiri, ndipo nkhandwe zikumuthera ana a nkhosa. Anandilembera kalata yondilola kuwombera pa malo ake, chifukwa kuno laisensi ya mfuti imafuna chifukwa chomveka.

Loweruka lina ndinapita kuchionetseroko. Ndinalowa 10 koloko m'mawa. Holo inali yodzaza ndi ife a ku migodi, ndalama zikutiyabwa m'matumba. Pa tebulo lina panali bambo a imvi, mzungu, msinkhu wa malemu bambo anga. Anali ndi mfuti yakale, yopukutidwa bwino, ya madola 650. Mfuti zonse m'holomo zinali zomangidwa ndi kalamba ka pulasitiki kuti munthu asatsegule. Ndinapempha kuti adule kalambako, ndione mmene chitsulo chotsekera chipolopolo chikuyendera.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anati akhala akugulitsa mfuti ine ndisanamere ndevu. Anati mfutiyo ndi yabwino, ndipo pali anthu awiri amene aifunsa kale.

Apa ndinalakwa ndine, ndipo sindibisa. Kwathu munthu wamkulu akayankha choncho subwereza funso. Kubwereza ndi kumutcha wabodza. Ndinalipira. Ndinalandira risiti ndi manja awiri, nkuthokoza. Ine yemwe kuntchito sindiyatsa makina ndisanaone bawuti iliyonse.

Satifiketi yoti mfuti ili bwino anasaina okha, pomwepo, ndi cholembera chobwereka pa tebulo loyandikana. Wogulitsa yemweyo, woyesa yemweyo. Mayeso otani amene mwana amadzichonga yekha?

Ndinatsata malamulo onse. Mafomu, sefa yachitsulo yosungiramo mfuti yokhomera kukhoma, kudikira milungu. Laisensi itatuluka ndinakatenga mfuti ku shopu yawo.

Kufamu ndinapita ndi alamu anga a Nkhoma, achimwene a mayi a kunyumba. Alamuwo ndi namwino pa chipatala cha ku Murdoch, anangondiperekeza. Inali 3 koloko masana. Tinaimika katoni patali kuti tiyesere. Mpope wa mfuti unaloza pansi, monga anatiphunzitsira potenga laisensi. Ndinalowetsa chipolopolo chimodzi, nkutseka chitsulo chija. Inalira pomwepo.

Alamu anayang'ana dzenje, nkuyang'ana nsapato yawo.

"Alamu," anatero, "ngati mlongo wanga wakutopetsani, nenani. Osayambira ine."

Tinaseka pang'ono. Kenako anakhala pansi nkutsamira tayala la galimoto, ndipo sanadzuke msanga. Munthuyu ali ndi ana atatu. Ndikanakawauza chiyani? Kuti ndinachita manyazi ndi imvi?

Lolemba 9:15 m'mawa ndinali kwa wokonza mfuti ku Welshpool. Anaimasula ine ndikuona. Sizinamutengere mphindi khumi. Anandionetsa kachitsulo kamene kamagwira chowombera. Wina anakapala ndi tupa kuti chowombera chifewe, ndipo anapala mopitirira. Zipsera za tupa zinali kuoneka ngakhale ndi maso anga. Anaibwezeretsa, nkutseka kakhumi yopanda chipolopolo. Inafwamphuka yokha kanayi. Anafunsa amene anasaina satifiketi. Nditamuuza anangopukusa mutu, nkundilembera kalata ya zimene wapeza.

Ndinawaimbira foni abambo aja. Katatu osayankha. Kachinayi anayankha, nthawi ili 2:40.

Poyamba anati sakundikumbuka. Nditawerenga nambala ya mfuti anandikumbuka. Anati katundu wakale amagulitsidwa mmene alili, ndipo zinalembedwa pansi pa risiti. Ndinafunsa za satifiketi. Anati tsiku limene ankasaina mfuti inali bwino. Ndinafunsa kuti anaiona bwanji ili yomangidwa. Iwo anangofunsa ngati kwathu ku Africa ndinagwirapo mfuti. Anati anthu atsopano amaika chala pa chowombera osadziwa.

Ndinati, "Bambo, wokonza mfuti uja nayenso ndi watsopano? Inamufwamphukira kanayi."

Apa mawu anafewa. Anati tisakangane. Anati kukubwera chionetsero china, ndibweretse mfutiyo aiike pa tebulo lawo. Ikagulidwa andipatsa ndalama zanga, iwo angotapapo pang'ono. Ndinafunsa ngati aikonza kaye. Anati kukonza kungadye phindu, ndipo alipo alenje amene amakonda chowombera chofewa.

Ndinawapempha kuti abwereze. Anabwereza.

Ndinati ayi.

Ndinalembera imelo okonza chionetsero. Yankho linabwera patatha masiku asanu ndi anayi, mizere itatu. Akuti iwo amangobwereketsa matebulo. Akuti nkhani ya katundu ili pakati pa wogula ndi wogulitsa. Akuti andithokoza chifukwa chobwera. Inu okonza chionetsero, pakhomo ndalama yolowera analandira ndani? Lamulo lomanga mfuti anaika ndani? Mukamanga chinthu kuti wogula asachiyese, ndani akuchiyesa m'malo mwake? Ndikudikira mayankho, ndipo ndizikulemberani nthawi iliyonse ndikatsika ndege yochokera ku mgodi.

Abale amene mukufuna mfuti ya kufamu kapena ya ku kalabu ya owombera, musagule yakale chifukwa yanyezimira pa tebulo. Uzani wogulitsa kuti mulipira pokhapokha wokonza mfuti wina, wosakhala mnzake, ataimasula nkuiona. Akakana, chokani. Akakwiya, chokani msanga. Ulemu uperekeni pa moni. Mafunso funsani onse.

Dzulo abambo aja anaimbanso okha. Anamva kuti kalata ya ku Welshpool ndakaipereka ku ofesi ya malaisensi, pamodzi ndi satifiketi yawo. Tsopano akuti andibwezera zonse lero lomwe, bola ndiwapatse mfuti ndipo nkhani ithe. Anati ndine munthu wabwino, ankaona pa nkhope.

Ndinawauza kuti mfutiyo ili m'dzina langa. Ikapita pa tebulo lija, amene adzaigule adzatseka chitsulo chija m'nyumba mwake, mwina mpope usanaloze pansi. Madola 650 ndawataya, ndavomera. Mfuti ili kwa wokonza uja, yokiyidwa. A malaisensi akatha kuiona, idulidwa pakati. Pepala lake ndasaina kale, ndipo ndapempha kuti tsikulo ndidzakhalepo.