Ngalande ya Dyness

Dyness Chabwera ndi telala wa pamsika ku Kanyama, ndipo mabulauzi oyera amene azimayi a Chigwirizano a mumpingo wake amavala Lachinayi, pafupifupi onse anadutsa pansi pa singano yake. Kwa zaka khumi ndi zinayi wakhala akuyeza mapewa a anzake, kudula, kusoka ndi kusita, koma mwiniwakeyo bulauziyo anali asanaivalepo. Bulauzi imeneyi sungoigula n'kuvala ngati malaya a kaunjika a pasalaula. Amachita kukuveka pamaso pa mpingo utaphunzira mokwanira, ndipo asanakuveke, amayi akuluakulu amayamba apita kumene ukukhala kukafunsa anansi ako kuti ndiwe munthu wotani.

Agogo ake aamuna anachoka ku Ntcheu akuti akupita kumigodi, ulendo n'kuthera mu Lusaka muno. Anasiyira mdzukulu wawoyu dzina ndi pakamwa. Dyness sanali woipa mtima ayi. Maliro akagwa, woyamba kufika atamanga chitenje m'chiuno anali iyeyo, ndipo mwana wa mnzake akang'amba yunifolomu ankamusokera osafunsa kanthu. Koma ukamuponda chala, mawu ake ankakafika kumsewu waukulu, makondakitala a minibasi n'kuyamba asiya kuitanira anthu kuti amvere. Kawiri konse anayamba maphunziro a bulauzi n'kusiyira panjira chifukwa cha pakamwa pomwepo.

Mpingo wawo uli ndi mwambo wake. Lamlungu loyamba la Januwale aliyense amalemba pakapepala chimene akulonjeza Mulungu chaka chimenecho, n'kumata mu envelopu, n'kulemba dzina lake pamwamba. Abusa amatsekera maenvelopuwo mukabati mpaka Lamlungu lomaliza la Juni, pamene amabwezera aliyense yake kuti aone pamene wafika. Dyness analemba yake misozi ili m'maso, pakuti chaka chatsopano chimafewetsa anthu mitima. Pofika sabata yachitatu anali ataiwala zimene analemba. Chimene ankakumbukira chinali chimodzi, chakuti chaka chino avala bulauzi zivute zitani. Sanajombe Lachinayi ngakhale limodzi, mavesi anawaloweza akupalasa makina, ndipo nsalu ya bulauzi yake anaidula kale n'kuisunga mupulasitiki.

Kenaka kunabwera mvula ya mu Febuluwale. Amene anakhalako ku Kanyama akudziwa kuti pansi pake ndi thanthwe, madzi akagwa sadziwa kolowera, amangoyendayenda m'makomo mwa anthu. M'mawa wina Dyness anadzuka n'kupeza madzi atafika pakhomo, atatsala pang'ono kulowa m'chipinda chimene ankasungiramo nsalu za makasitomala. Njira yoyenera yotulutsira madziwo inali yaitali, yodutsa pamiyala mpaka kungalande yaikulu ya kumsewu. Njira yachidule inali yotsetserekera kumunsi, ndipo kumunsiko kunali khomo la Mwanaima. Dyness anatenga piki n'kukumba yachiduleyo.

Mwanaima ndi mayi wachisilamu, wamasiye, wogulitsa zitumbuwa ndi samusa pasiteshoni ya minibasi. Makolo ake anachokera ku Mangochi, n'chifukwa chake awiriwa ankaitanana kuti "akwathu" ngakhale kuti Malawi wake onse anamuona pamaliro pokha. Anakhala moyandikana zaka zisanu ndi zinayi akubwerekana mchere ndi makala a moto. Tsiku limenelo madzi a Dyness analowa m'nyumba ya Mwanaima, kunyowetsa matiresi ndi thumba la fulawa wa geni yake. Mwanaima anatuluka atakwinya diresi m'maondo, n'kuima m'madzimo.

"Bamake Thandi, uyu mufolo mwakumba waleta manzi mu nyumba mwanga," anatero akuloza ngalandeyo, osakweza mawu n'komwe. Thandi anali mwana wa Dyness.

"Manje ndine nalokesa mvula?" anayankha Dyness. Zimene anawonjezera pamenepo sizoyenera kuzilemba, koma anthu a mzere wonsewo anazimva.

Kuyambira tsiku limenelo moni anatha. Mvula inasiya, matope anauma, fumbi linabwera, koma ngalandeyo inatsala pomwepo, youma, yoloza khomo la Mwanaima. Dyness ankaidumpha m'mawa uliwonse popita kumsika, ndipo Lachinayi ankaidumpha Baibulo lili m'khwapa. Munthu amazolowera. Pofika mu Meyi sankaionanso.

Lamlungu lomaliza la Juni kunazizira kwambiri, anthu analowa m'tchalitchi atavala majuzi awiriawiri. Abusa Mpundu sanalalikire nthawi yaitali. Anati theka la chaka lapita ndipo silibwerera, koma theka lina lilipo, choncho munthu wanzeru aime aone kumene akuloza. Atatero anatsegula kabati, maenvelopu n'kuyamba kuyenda m'mabenchi. "Aliyense abelenge yake," anatero abusawo. "Musasuzumile ya banzanu."

Dyness anang'amba yake akumwetulira, poganiza kuti apezamo bulauzi basi. Bulauziyo inalimodi, koma sinali yokha. Ndi dzanja lake lomwe anali atalemba kuti: "Ambuye, chaka chino mundiveke bulauzi, koma muyambe mwaveka mtima wanga. Anansi anga adziwe kuti ndine wanu ndisanawauze."

Anawerenga kawiri. Anachita manyazi, manyazi enieni otentha m'makutu ngakhale kunali kuzizira. Asanapinde pepalalo, Mayi Kasoma, mtsogoleri wa Chigwirizano, anaimirira kutsogolo n'kulengeza kuti mayina a ovekedwa awerengedwa Lamlungu lotsatira, akamaliza zoyenda m'makomo. Dyness anaona ngalande ija m'maso mwake, ndi Mayi Kasoma akuidumpha kupita kukagogoda kwa Mwanaima.

Tisamunamizire kuti analapa pomwepo. Nzeru yoyamba imene inamubwerera inali ya telala. Lolemba anasankha nsalu yabwino yobiriwira, n'kusoka mpango waukulu wa kumutu, wopinda m'mbali mwaluso, woti Mwanaima akaulandira pakamwa pake pafewe amayi aja asanafike. Madzulo dzuwa lisanalowe anaunyamula n'kulunjika kumunsi. Atafika pangalande paja anaima. Kuti akapereke mpangowo anayenera kuyenda motsatira ngalandeyo mpaka pakhomo pamene madzi analowera, pamene khoma linali likadali ndi mzere wa matope wofika m'maondo. Anauona mzerewo kwa nthawi yoyamba. Mpango uja unamulemera m'manja, ndipo anadziwa kuti akufuna kugula umboni ndi nsalu ya mamita awiri. Anabwerera n'kukauika mukabati.

Lachiwiri shopu ya Dyness sinatsegulidwe. Anatenga piki, fosholo ndi wilibala yobwereka, n'kuyamba kufotsera ngalande ija kuchokera pakhomo pa Mwanaima kukwera kumtunda. Atamaliza anayamba kukumba ina, yaitali ija yodutsa pamiyala. Kukumba ngalande mu Juni, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe, ndi chinthu choseketsa ku Kanyama, kumene aliyense amakumbukira piki madzi atafika pabedi. Odutsa ankamufunsa ngati walota mvula. Fanwell wokonza njinga anamufunsa ngati akufuna golide. Tsiku lina lililonse Fanwell akanalandira zake zokwanira sabata yonse, koma Dyness anangopukuta thukuta n'kupitiriza. Pofika madzulo manja a telala aja anali ndi matuza.

Khomo la Mwanaima linali chitsekere tsiku lonselo. Dyness anadziwa kuti mwina zonsezi sizithandiza kanthu pa nkhani ya bulauzi, ndipo anadabwa kuona kuti akufunabe kumaliza.

Lachitatu chakumasana, atafika pamwala umene unkabweza piki, anamva mapazi kumbuyo kwake. Anali Mwanaima, atanyamula kapu ya tiyi ndi zitumbuwa ziwiri pambale. Anaziika pa wilibala n'kukhala pamwala wina, akuyang'ana ngalande yatsopanoyo kuchokera kumene yayambira mpaka kumene ikuloza.

Dyness anali atakonza mawu ambiri m'mutu, koma pakamwa potchuka paja panatuluka ochepa.

"Bamake Ridwan, ninakulakwilani. Manzi yanali yanga, ninayatuma kwanu. Na vamene ninakamba vija, munikhululukile."

"Imwani tiyi, izazizila," anatero Mwanaima.

Dyness anamwa. Kenaka anaika kapuyo pa wilibala.

"Bazimai ba ku chechi kwathu bazabwela kuno kumufunsani za ine," anatero. "Mubauze chabe vazoona. Sinizakwiya."

"Banabwela kudala, sabata yatha pa Chisanu, imwe muli ku msika."

Dyness anawerenga masiku m'mutu. Ndiye kuti pamene ankasoka mpango uja, mlandu unali utazengedwa kale.

"Munabauza chani?"

"Ninabaonesa mufolo, na chipupa changa. Boza sininganame, nili na Mulungu naine." Mwanaima anakonza mpango wake wakale pamutu. "Ninabauzanso ati pamene banafa bamuna banga, munagona pansi mu nyumba mwanga masiku yatatu. Ba Kasoma banafunsa ati manje tichite bwanji. Ninati, uyu mufolo ni wa bamake Thandi, bazafochela beka. Mukapeza bafochela, mubavalike."

"Nanga sembe sininafochele?"

"Ninali kuziba muzabwela, akwathu. Mwachedwa chabe."

Dyness anakhala pansi pafumbi pomwepo n'kulira, kulira kopepuka kwa munthu amene watula katundu amene anaiwala kuti wasenza. Mwanaima anamusiya alire, kenaka anaimirira n'kutola fosholo. Mwala uja anaugwirira limodzi, wina kutema wina kuchotsa, ndipo Fanwell ataona kuti azimayi awiri amuchititsa manyazi anabwera ndi nyundo yaikulu. Lachinayi m'mawa ngalandeyo inakafika kumsewu. Masana ake Mayi Kasoma anadutsa pamzerewo ngati munthu wongodziyendera, anayang'ana pansi, napereka moni kumakomo onse awiri, n'kumapita.

Lamlungu dzina la Dyness linali lachitatu kuwerengedwa. Atamuveka bulauzi ija, mabatani anamukanika chifukwa zala zinali zisanapole, ndipo Mayi Kasoma anamumangira okha, kuyambira pansi mpaka pakhosi. Envelopu ija sanaitaye. Anaikhomera pakhoma la shopu, pamwamba pa makina, pamene maso ake amafika akamalowetsa ulusi.

Potuluka m'tchalitchi sanatsalire pa zithunzi. Anayenda msangamsanga, bulauzi ili mbee m'fumbi la Kanyama, nadutsa kwawo kukatenga mpango wobiriwira uja, umene tsopano unalibe choti ugule. Kenaka anatsetserekera kumunsi, akuponda dothi latsopano pamene kale ankadumpha. Khomo linali lotsegula.

"Odi, akwathu," anatero. "Nabwela muniyangane."