Magolovesi a alamu anga

Matimati a m'dimba la achemwali anga ku Biriwiri anali aakulu moti limodzi tinkanyamulizana anthu awiri. Ndikulumbira. Wokana akafunse ku Lizulu, kumene madalaivala a malole ankaima n'kumatifunsa mtengo wa maungu ofiirawo.

Zinali zaka zija zipani zitangochuluka, katundu akudutsa malire popanda womufunsa. Mankhwala opopera mbewu ankachokera tsidya la Mozambique m'timabotolo topanda dzina, totseka ndi chitsononkho. Achemwali akagula ankaika pamene mkazi aliyense wa kwathu amasunga chinthu chofunika: m'kamisolo, kubere lamanzere. Ankayenda nako kabotoloko dzuwa likuswa mtengo mpaka kudimba, kakudontha pang'onopang'ono, kakusakanikirana ndi thukuta.

Sipuleya tinalibe. Tinkathira mankhwalawo m'ndowa, achemwali n'kuvundula ndi mkono mpaka m'chigongono, kenako n'kumawaza ndi tsache. Tsiku lopita kumsika ankawazanso, chifukwa ogula ankafuna matimati ooneka mbuu, ati ndiwo saola msanga. Ntchentche ikatera pa achemwali inkagwa chagada. Pali Mulungu, ndinaonapo udzudzu ukuwalambalala ngati mkamwini wopewa apongozi ake.

Amuna awo, alamu anga, anagwirako ntchito m'mafamu a ku Joni asanabwere kudzakwatira kwathu. Anabwera ndi sutikesi, ndipo m'menemo munali ovolosi, chophimba mphuno, ndi magolovesi a mphira ofika m'chigongono. Ankazitulutsa pa Khirisimasi kuonetsa alendo, n'kuzipindanso bwinobwino. Kudimba ntchito yawo inali kuima pachulu, kumene kukuchokera mphepo, n'kumaloza.

"Alamu, mwaimiranji kutali chonchi?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Mizere imaoneka bwino uli pamwamba, mlamu."

"Nanga magolovesi aja osawabwerekako akazi anuwa?"

"Aja ndi a mankhwala a azungu. Awa ndi madzi chabe, ngakhale mwana atha kumwa."

"Ndiye lawani."

"Ndadya kale."

Achemwali anaseka mpaka tsache linawagwa. Inenso ndinaseka. Tinkamukonda munthu ameneyo, ndipo za kunja tinkati amene anayenda ndiye akudziwa.

Tsiku lina achemwali anapeza chotupa akusamba. Anandiitana kubafa n'kutenga chala changa kuchiika pansi pa bere lamanzere. Chinali ngati nzama, cholimba, chosapweteka. Anati tidikire matimati athe kaye. Atatha, panabwera kabichi. Pamene tinkafika kuchipatala chachikulu, nzama ija inali itasanduka mbatatesi, ndipo apa sindikuwonjezera. Madokotala anati ndi khansa ya m'mawere, ndipo berelo analichotsa.

Namwino wina anafunsa ntchito imene achemwali amagwira. Ndinamufotokozera za ndowa ndi kamisolo. Kenako anati iye sangalumbire kuti chayambitsa ndi chimenecho, chifukwa matendawa amabwera m'njira zambiri, koma mankhwala otere sayenera kukhudza khungu la munthu. Kumudzi azibambo anali atapeza kale yankho lawo: ati wawalodza ndi mayi wina wogulitsa nawo pafupi.

Ine ndinali wodikirira wodwala. Ufa utatithera, ndinakwera minibasi kubwerera kumudzi, ndipo ndinadzera kudimba kuti ndione ngati mbewu zili moyo. Ndinapeza chinthu chitaima pakati pa matimati. Ovolosi mpaka m'khosi, mphuno yophimba, magolovesi mpaka m'chigongono, chikuvundula m'ndowa ndi nsungwi yaitali yoti n'kuthyolera mapapaya ku Nsipe uli pompo.

"Alamu, azungu abwera?"

Anatsitsa chophimba chija. "Osaseka, mlamu. Mankhwalawa ndi oipa. Amalowera pakhungu."

"Wakuuzani ndani?"

"Ku Joni. Kapitawo ankatithamangitsa tikagwira ndi manja."

"Musanakwatire?"

"Eee, kalekale."

Ananena ngati akundiuza kuti kunja kwachita mitambo. Kenako anafunsa ngati odwala akudya, n'kubwezera chophimba pamphuno.

Achemwali atatuluka m'chipatala ndinawauza zonse, sindinabise. Sanalire. Anaitana amuna awo n'kunena kuti, "Bambo, tabweretsani magolovesi aja ndiyeseko." Anabweretsa. Koma mkono wamanzere unali utatupa chichokereni ku opareshoni, moti golovesi inathera m'zala. Anayang'ana dzanja lawolo, n'kuyang'ana amuna awo, n'kuwabwezera.

"Sungani," anatero. "Khirisimasi ikubwera."

Matimati a chaka chotsatira achemwali sanawaone. Titawasudzula alamu kuti abwerere kwawo, anasiya makasu, ndowa ndi njinga yakufa. Sutikesi anatenga.

Dimbalo ndikulima ndine tsopano. Ndikamathira mankhwala ndimavala mapepala a shuga m'manja, n'kumanga ndi mphira, ndipo kabotolo ndimanyamulira m'dengu. Ku Lizulu ndikaona mayi akulowetsa dzanja m'kamisolo ndimamugwira mkono n'kumuuza za achemwali. Kuti mankhwala ndiwo anawapha, sindilumbira, chifukwa namwino uja sanalumbire. Koma za ndowa, za chulu ndi za magolovesi ndimalumbira mpaka mawu kusasa.

Amayiwo amaseka. Amati, "Inu simunayambe lero, si inu a matimati onyamulizana anthu awiri aja?" Akatero amabwezera kabotolo pamalo pake n'kumapita kudimba.